Funsani Azakhali: Tikapita kokapuma pa chilumba tikadye chani?

FUNSO: Azakhali, ine ndimapitapita ku Dar es Salaam kukaoda katundu ku Kariakoo koma ku Zanzibar sindinawolokereko. Chaka chino bambo akunyumba akuti tipite tonse tikapume pa chilumbapo, ana tikawasiye kwa agogo awo. Vuto ndi loti bambowa tsiku likatha osadya nsima amati agona ndi njala, nane zinthu za m'nyanja ya mchere zija ndimaziona pa Facebook zimandichititsa nthumanzi, zina miyendo mbwee. Anzanga akuti tingolipira hotela yoti chakudya chonse chili momwemo. Nditani? Ndine mayi wa ku Chilomoni.

YANKHO: Mayi, anzanuwo amakufunirani zabwino koma pa nkhani iyi musawamvere. Mahotela a zonse momwemo aja ambiri ali kumagombe monga Nungwi, Kendwa ndi Kiwengwa ndipo amaphikira azungu ochokera ku Italy ndi ku Germany, nde mukapezako pasta, buledi, saladi, mazira okazinga, zinthu zoti olo ku Blantyre konkuno mukhoza kudya, kenaka chifukwa munalipira kale mtima sukulolani kukagula chakudya kunja, mubwerako musanalawe kalikonse ka pachilumbapo. Lipirani kogona ndi kadzutsa basi. Nkhomaliro ndi mgonero muzikadya kunja, ndipo masiku oyamba mugone mu Stone Town momwe muli eni nthaka, kugombe mupite pambuyo.

Za bambowo tiyambe ndi kuwakhazika mtima pansi: nsima iliko, mukangoti ugali akupatsani, kungoti ndi yolimbirako kuposa yathu. Ndiwo zake siziwadabwitsa ayi, mchicha ndi bonongwe, kisamvu ndi chigwada chomwechi koma mmalo mwa nsinjiro amathira mkaka wa kokonati, dagaa ndi tinsomba tating'ono tofanana ndi usipa. Koma anthu a pachilumbapo ndi a mpunga, ugali amadya kwambiri ndi ochokera kumtunda, nde bambowo muwanyengerere kuti nsima azidya madzulo, masana alawe za eni ake.

Masana amenewo ndiye penipeni pa nkhani. Chakudya chabwino cha ku Zanzibar chimaphikidwa mmawa nkudyedwa nkhomaliro, mukafika 3 koloko mupeza zotsalira. Mu Stone Town muli malo ngati Lukmaan, ku Mkunazini kufupi ndi tchalitchi chachikulu cha Anglican, kumene simuvutika ndi menyu: chakudya chili m'mapoto kuseri kwa galasi, mumangoloza ndi chala, ichi, icho, ndi icho pang'ono. Yambani ndi pilau, mpunga wophikira limodzi ndi nyama, cloves, cardamom, sinamoni ndi tsabola wakuda, umatuluka wabulauni ndipo fungo lake limakupezani muli pakhomo. Biriani ndi ina, mpunga amaphika paokha, wina woyera wina wachikasu, nkuthira pamwamba msuzi wokhuthala wa nyama ndi anyezi wambiri wokazinga. Lachisanu anthu akatuluka mu mzikiti ndiye tsiku lake la biriani, mufike msanga. Palinso wali wa nazi, mpunga wophika ndi mkaka wa kokonati, umenewu ndi samaki wa kupaka, nsomba yowotcha pamakala yomwe amaipaka msuzi wa kokonati, bambo aja nsima aiiwala kaye, ndikulumbira.

Zokometsera zonsezi sizinangogwa kumwamba. Sultan wa ku Oman, Seyyid Said, anasamutsira likulu lake ku Zanzibar cha m'ma 1840 ndipo analimbikitsa minda ya cloves pa Unguja ndi Pemba, zilumba ziwiri zikuluzikulu za Zanzibar, amalonda achimwenye nawo anadzakhazikika, nde m'mbale imodzi mumapezamo Mwarabu, Mmwenye ndi Mswahili. Ifenso zinatikhudza paja a Jumbe a ku Nkhotakota anali a mbali zomwezo, ndipo ulimi wa mpunga kumeneko mbiri yake imatchula iwowo.

Tsopano madzulo aliyense akuuzani kuti pitani ku Forodhani. Pitani ndithu, ndi paki ya m'mbali mwa nyanja kutsogolo kwa Old Fort, dzuwa likamalowa anyamata amathamanga nkudumphira m'madzi kuchokera pa khoma, ophika atavala zipewa zoyera amayala matebulo nkuyatsa nyali, utsi wa makala tolo. Koma maso akhale patsogolo. Timitengo ta nsomba, ma prawns, nkhanu ndi lobster tomwe tayalidwa mulu patebulo tambiri tinawotchedwa kale, mukaloza amangotenthetsa, ndipo simungadziwe kuti tayalidwapo nthawi yaitali bwanji kunja kotentha chonchija. Lamulo lake ndi lomwe lija la pa chiwaya ku Ndirande: idyani chomwe chapsa inu mukuona. Komanso funsani mtengo wa chinthu chilichonse asanachiike pamoto, chifukwa wogulitsa akamati onjezani aka, lawani aka, zonsezo zikulowa mu bilu.

Zoti mudye pa Forodhani ndi zitatu. Choyamba urojo, ena amati Zanzibar mix, ine pa zakudya zonse za pachilumbapo ndimaika patsogolo chimenechi. Mayi wogulitsa amatenga mbale yakuya, amaduliramo mbatatesi yowiritsa, amaphwanyiramo bajiya ndi kachori, kachori ndi timipira ta mbatatesi yosinja tokazinga, mukafuna amaikamo dzira lowiritsa ndi nyama ya pa kamtengo yomwe amati mishkaki, kenaka amatunga supu yachikasu yotentha, yowawasa ndi mango kapena ndimu, nkuthira mpaka zonse zimire, pamwamba nkuwaza tchipisi ta chinangwa topyapyala, tchatine cha kokonati ndi tsabola. Muzidya msanga tchipisi tija tisananyowe. Pooneka sichikopa ayi, mungoti ndi phala losokonekera, koma supuni yachiwiri mukhala chete. Chachiwiri ndi Zanzibar pizza, yomwe si pizza yomwe mukuidziwa, ndi mtanda wopyapyala womwe amaikamo nyama yogaya, anyezi, dzira, mayonezi ndi tchizi nkupinda nkukazinga pachiwaya inu muli pompo. Chachitatu juwisi wa nzimbe, amafinya pamakina limodzi ndi jinja ndi ndimu, koma muwauze asaike ayisi ngati m'mimba mwanu simuchedwa kudandaula. Madzi akumwa gulani a m'botolo.

Cha miyendo mbwee chija ndi pweza, pa Chizungu octopus. Musaope, asodzi amachimenyamenya kaye kuti chifewe, kenaka chimaphikidwa mu msuzi wa kokonati ndi binzari, ufa wachikasu wokometsera ndiwo, chikafika pambale ndi tizidutswa toyera mkati, tolimbirako pang'ono potafuna, fungo la nsomba silimveka nkomwe. Itanitsani mbale imodzi mugawane. Amuna a kumeneko amaikhulupirira kwambiri supu ya pweza, akuti imapatsa mphamvu za kuchipinda, ine za izo sindiikira umboni koma mukangowanong'oneza bambowo muona aitanitsa okha kkkk. Chenjezo nlakuti ngati wina wa inu sanadyepo ma prawns kapena nkhanu za m'nyanja ayambe ndi pang'ono, pali anthu omwe thupi lawo limadana nazo, milomo kutupa, khungu kuyabwa, kubanika, zikatero thamangirani kuchipatala osadikira kuti kuche. Ndipo wina akadzakupatsani nyama ya kamba wa m'nyanja mukane olo akhale wokoma mtima bwanji. Mu March 2024 anthu 9, ambiri mwa iwo ana, anamwalira ku Pemba atadya nyama imeneyi, imakhala ndi poizoni yemwe satha ndi kuphika.

Za ndalama inu mukudziwa kale, ndi ma shilling omwe mumagwiritsa ntchito ku Kariakoo, musinthiretu ku Dar musanakwere boti, ulendo wake ndi wa maola awiri, kwacha yathu kulibe angailandire. M'malesitilanti a kugombe nsomba yathunthu ndi lobster nthawi zambiri amagulitsa potengera kulemera, nde mtengo womwe waona pa menyu utha kukhala wa magalamu 100 okha, funsani kuti yonseyi ikwana zingati. Tipu sachita kukakamiza koma weita akakusamalani musiyireni kangachepe.

China chomwe a Malawi ambiri saganizira ndi kalendala. Pafupifupi anthu onse a ku Zanzibar ndi Asilamu, mwezi wa Ramadan malo ambiri odyera a eni dera amakhala otseka masana onse ndipo kudya kapena kumwa mukuyenda mumsewu nkusowa ulemu. Mweziwu umasuntha chaka ndi chaka ndi masiku pafupifupi 11, nde fufuzani musanagule matikiti. Nkhumba musaifunse, mowa bambowo aupeza m'mahotela ndi m'mabala ena koma osati m'malo ngati a biriani aja, ndipo mutauni chitenje chanu chikhale mchikwama, zovala za kugombe ndi za kugombe. Mmamawa wina dzukani mupite ku msika wa Darajani mukaone nsomba zikutsika, mugule vitumbuwa vya mpunga vya moto, mudutse pa Jaws Corner pomwe azibambo amamwa khofi wakuda m'timakapu tating'ono. Zokometsera zobwera nazo kunyumba mugule ku Darajani komweko, za m'mashopu a alendo nzomwezo koma mtengo wina.

FUNSO: Azakhali, tikumanga ukwati posachedwa ndipo achimwene a mkazi wanga atilipirira hanimuni ku Mauritius. Ife ndi a Seventh Day, nkhumba, nkhanu ndi nsomba zopanda mamba sitidya. Sitikafa ndi njala? Mnyamata wa ku Soche.

YANKHO: Mwanawe, alamu otere uwasunge bwino. Njala simukafa nayo, Mauritius ndi malo osavuta kwa munthu wosala zakudya chifukwa pafupifupi theka la anthu ake ndi Ahindu, makolo awo anabwera kuchokera ku India kuyambira 1834 kudzagwira ntchito m'minda ya nzimbe, nde zakudya zopanda nyama zili paliponse ndipo ukanena kuti ichi sindidya palibe akudabwe.

Chakudya cha mumsewu chotchuka kuposa zonse ndi dholl puri, chapati chofewa chopyapyala chokhala ndi nandolo wachikasu wogaya mkati, amapakapo curry wa nyemba zikuluzikulu, msuzi wa tomato womwe amati rougaille ndi tsabola, nkupinda, ndipo amagulitsa ziwiriziwiri atakulunga papepala. Gateaux piments ndi timipira ta nandolo yemweyo tokazinga, iwo amatiika mu buledi. Zonsezi muzipeza ku Central Market ku Port Louis pamodzi ndi alouda, chakumwa chozizira cha mkaka chokhala ndi tinjere, ndalama zake ndi ma rupee ochepa chabe. Pamene pali mzere wa anthu ovala za kuofesi imani pomwepo.

Pofunika kusamala ndi pa zakudya za Chitchaina, mine frit, riz frit ndi boulettes, chifukwa mumatha kubisala ma prawns ang'onoang'ono kapena soseji ya nkhumba olo mutaitanitsa ya nkhuku. Rougaille yomwe ija m'lesitilanti imatha kubwera ndi soseji, ndipo mukaona mawu oti ourite pa menyu ameneyo ndi pweza, dutsani. Anthu ake amayankhula Creole ndi French koma Chizungu amamva, funsani momveka kuti muli chani umu. Nsomba itanitsani yathunthu yoti mamba muwaone ndi maso anu, zoduladula mu supu zisiyeni. Lachisanu masana mugule zipatso ndi buledi za pa Sabata.

FUNSO: Inu Azakhali mumangokamba za kunja, forex tiipeza kuti? Kulibe chilumba choti munthu nkupita ndi kwacha? Bambo wa ku Bangwe.

YANKHO: Bambo, mwakwiya koma mwanena zoona. Likoma ilipo, ndi Chizumulu pambali pake, pasipoti siifunika. Kwerani basi mpaka ku Nkhata Bay mukakwere sitima, Ilala yakhala ikuyenda panyanjapo kuyambira 1951, kungoti mufunsiretu tsiku lonyamuka ndipo musaike pulogalamu yothina chifukwa nthawi yake imasinthasintha, komanso miyezi ya mwera, kuyambira May mpaka August, nyanja imavuta nde musadye kwambiri musanakwere.

Malo ogona apamwamba monga Kaya Mawa mitengo yake ndi ya madola, amenewo ingowaonani pazithunzi, ma resthouse a ife tomwe aliko. Chakudya chake ndi kondowole, nsima ya chinangwa yonanda, sachita kutafuna mumangomeza, ndi usipa kapena utaka wa mmawa womwewo, osati wouma wa mu Limbe uja. Pitani pagombe ngalawa zikamafika, gulani nsomba nokha mukapatse mayi wa pa lesitilanti akuphikireni, mugwirizane mtengo wophikira. Mukaona ngati utsi wakuda ukukwera pakati pa nyanja zimenezo ndi nkhungu, tizilombo touluka tomwe anthu amakola nkuumba timikate, mukapatsidwa lawani. Tchalitchi cha St Peter's chomwe anayamba kumanga mu 1903 mukachione. Nthaka ya pachilumbapo ndi ya miyala ndi mchenga, zinthu zambiri zimabwera pa sitima, nde tomato, anyezi, mafuta ophikira ndi shuga mugule ku Nkhata Bay, ndipo ndalama mutenge za m'manja zokwanira masiku onse kuphatikiza ena awiri oti mwina sitima ichedwa.