Anandikaniza waini mu shopu chifukwa ndinali ndi mwana wanga, kodi si tsankho limeneli?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa ku Leicester kuno ku England, dzina sinditchula, ndipo zikuoneka kuti anailemba mtima udakali m'mwamba chifukwa munalibe ndi fulusitopu yomwe kkkk. Mwachidule nkhani yake ndi iyi: mayiwa ali ndi zaka 38, Loweruka anapita ku supamaketi ina ndi mwana wawo wamkazi wa zaka 16, trolley yodzadza bwinobwino, ufa, nkhuku, mafuta ophikira, sopo, pamwamba pake botolo limodzi la waini loti adzamwe ndi alendo Lamulungu akaweruka ku tchalitchi. Kufika pa tilu, kashiya akuti ID. Iwo kutulutsa chitupa cha unzika cha kumudzi chija cha NRB, kashiya kuchitembenuza uku ndi uku nkunena kuti ichi sitilandira, ndipo olo mukanakhala ndi ID yoyenera ndikanafunanso ya mtsikanayu. Supavayiza atabwera anangoikira kumbuyo kashiya wake, botolo linatsala pomwepo anthu a pamzere akungowayang'ana. Funso lawo ndi lakuti, "Achimwene, lamulo lake ndi limeneli kapena ndi tsankho basi poti ndine wakuda? Nanga ndikadandaule kuti?"

Achemwali, pepani kaye, manyazi a pamzere ndimawadziwa. Koma ine ndinakhalapo mbali inayo ya tilu zaka ziwiri ndili pasukulu, ndiye ndikuuzani zomwe zimayenda m'mutu mwa kashiya uja, mwina mkwiyo utsikako pang'ono olo usathe.

Lamulo lenileni ku England ndi Wales ndi Licensing Act ya 2003 ndipo pa za msinkhu wa wogula limangoti osagulitsa mowa kwa munthu wosakwana zaka 18. Basi. Za 25 zija mumaziona pa zikwangwani, Challenge 25, zinayamba ndi ogulitsa okha cha mu 2009, poyamba inali Challenge 21 koma anaona kuti ana a zaka 17 a ndevu zawo ankadutsabe ndiye anakweza. Ku Scotland kokha ndi kumene anaika 25 yo m'lamulo kuyambira 2011, ku England kuno lamulo limangofuna kuti shopu iliyonse ikhale ndi ndondomeko yake yofunsira zaka, ndiye Tesco, Asda, Sainsbury's, Morrisons onse anangotengera 25 yomweyo. Tanthauzo lake nkuti ukaoneka ngati sunafike 25 uonetse kuti unadutsa 18. Inu a zaka 38 kufunsidwa ndiye kuti mafuta amene mukudzolawo akugwira ntchito, mutiuzeko dzina lake.

Tsono chimene anthu ambiri sadziwa nchoti mlandu wogulitsa mowa kwa mwana umayambira pa kashiya mwini wakeyo, osati kampani yokha ayi. Apolisi atha kumulipitsa faini ya £90 pompo, ikafika kukhoti chindapusa chake chilibe malire, ndipo ntchito nthawi zambiri imathera pomwepo. Shopu nayo ikapezeka kawiri m'miyezi itatu itha kuimitsidwa kugulitsa mowa, ndiye mamanijala nawo sagona tulo. Ndipo amayesadi, si zongoopseza. A Trading Standards, omwe ndi a khonsolo oona za malonda, pamodzi ndi apolisi amatuma ana enieni a zaka 15 kapena 16 kukagula dala, kuwonjezera apo kampani nayonso imalemba ganyu achinyamata a zaka 18 kapena 19 kuti akaone ngati muwafunse ID, amenewa ndi akuluakulu kale mwalamulo koma ukapanda kuwafunsa umaitanidwa ku ofesi. Ine ndinaona mnzanga wina, mayi wa ana atatu, akutuluka mu ofesi ya manijala maso ali psuu chifukwa cha zitini zinayi za cider zomwe anagulitsa kwa mnyamata wamtali ngati mlongoti, kuyambira tsiku limenelo ankafunsa ID aliyense ngakhale agogo oyenda ndi ndodo. Munthu amene amalandira malipiro otsikitsitsa pa ola sangaike ntchito yake pachiswe chifukwa cha waini wanu wa £7, ndi masamu osavuta.

Za chitupa cha kumudzi, apa palibe chodabwitsa. Pa training amakuonetsa zinthu zochepa zomwe ungalandire, pasipoti, laisensi yoyendetsera galimoto ya chithunzi ija, khadi yokhala ndi chidindo chonyezimira cha PASS ngati CitizenCard, ndi ID ya asilikali, china chilichonse akuti ukane. Kashiya wa ku Leicester chitupa chathu sanachionepo chibadwire, sangadziwe chenicheni ndi chopanga pa kompyuta. Chithunzi cha pasipoti cha mufoni nachonso amakana, ndipo ma BRP aja, makadi a chilolezo chokhalira ku UK omwe ena ankadalira, anatha mphamvu pa 31 December 2024.

Pamene ndikugwirizana nanu ndi pa nkhani ya mwana. Palibe lamulo loti kholo lisagule mowa likakhala ndi mwana wake mu shopu, kulibe. Chomwe chilipo ndi mlandu wogulira mowa mwana, zija ana amaima panja pa shopu nkupatsa munthu wamkulu ndalama kuti awagulire vodka, ndiye makashiya amauzidwa kuti mukakayikira kuti mowawu ndi wa mwanayo, kanani. Vuto ndi mawu oti kukayikira, aliyense amawamva mwake. Ndikubetcha kuti mtsikana wanu ndi amene ankatsitsa katundu mu trolley ndipo botolo analigwira ndi iyeyo poliika pa lamba, ana athu oleredwa bwino salola mayi awo aziwerama iwo alipo, eti? Kwa kashiya wamantha zimenezo ndi umboni wokwanira. Koma kunena zoona munthu woganiza akaona ufa, nkhuku ziwiri ndi sopo wochapira amayenera kudziwa kuti apa si ana okamwera ku paki, uku ndi kupyola muyeso basi. Chondiseketsa ine nchoti dziko lomweli limalola mwana wa zaka 16 kapena 17 kumwa bia, waini kapena cider mu lesitilanti ngati akudya chakudya ndipo wagula ndi wamkulu amene ali naye, komanso kunyumba kwa makolo ake lamulo silimuletsa. Ndiye mwana yemweyo atha kumwa tambula ya waini Lachisanu pa tebulo anthu akuona, Loweruka nkukanizitsa mayi ake botolo chifukwa waligwira. Ife tinakula tikutumidwa ndi amalume ku thaveni kukagula Chibuku tili sitandade 4, wogulitsa nkumatifunsa kuti amalume adzuka bwanji, sindikunena kuti zinali zabwino, koma zimatengadi nthawi kuti mutu uzolowere zakunozi.

Supavayiza uja musamudabwe. M'mashopu ambiri kashiya akangotchula kuti ID ndiye kuti yatha, wamkulu wake saloledwa kumutsutsa pamaso pa kasitomala olo akuona yekha kuti mayi awa ali ndi imvi, amati akayamba kutero makashiya asiya kufunsa. Ndipo shopu ili ndi ufulu wokana kukugulitsa chinthu, bola chifukwa chake chisakhale mtundu wako, khungu kapena chipembedzo, zimenezo ndiye Equality Act ya 2010 imaletsa.

Ndiye linali tsankho? Malinga ndi zomwe mwalemba, ine ndikuti ayi, chifukwa zomwezi zimawachitikira azungu daily ndipo amadandaula kuposa ife, nyuzipepala zakuno sizitha mwezi osalemba za agogo ena amene afunsidwa ID. Chilipo chokha nchoti azungu ambiri amalephera kuyerekeza zaka za munthu wakuda, ifenso poyamba ndi mmene tinkaonera iwo, ndiye timafunsidwa kawirikawiri ndipo zimatopetsa. Koma mukanakhala kuti munaona mzungu ali ndi mwana wamsinkhu womwewo akudutsa ndi mowa pa tilu yomweyo inu atakukanizani, kapena kashiya analankhula mawu okhudza khungu kapena kwanu, imeneyo ndi nkhani ina ndipo musaisiye. Lembani tsiku, nthawi ndi nambala ya tilu, zonsezi zimakhala pa lisiti, mutumize dandaulo ku likulu la kampaniyo osati kwa manijala wa pa shopupo, ndipo a bungwe lopereka uphungu la Citizens Advice amathandiza ulere. Olo pa nkhani yanu yomweyi mutha kulemba, mwaulemu, kuti ndondomeko yawo yakanizitsa kholo kugula. Nthawi zambiri amangopepesa, pena nkukutumizirani ka voucha. Chokhacho musakabwerere kukakalipira kashiya uja.

Langizo langa, pezani provisional laisensi olo mulibe maganizo ophunzira galimoto, pa intaneti ndinaiona pa £34 ndipo imalowa mu chikwama bwinobwino. Pasipoti isiyeni kunyumba chonde, kuyenda nayo chifukwa cha waini nkuitaya mu basi, mudzalira poifunanso ina, amene anadikirapo pasipoti akudziwa. Mukakhala ndi mtsikanayo muuzeni kuti botolo asaligwire, kapena apite kaye akayang'ane zovala inu mukulipira. Ndipo dziwiranitu kuti si mowa wokha, adzakufunsaninso pa mpeni wa kukhitchini, tikiti ya lotale, Red Bull, paracetamol, ngakhale bia uja wopanda ukali wa 0.0, makina odzilipirira wekha aja amangoyaka getsi lofiira nkukuimika ngati wakuba mpaka wantchito abwere.

Ine chaka chatha anandifunsa ID pogula machesi aatali oyatsira mbaula ya braai, ndili ndi dazi lonseli. Ndinatulutsa laisensi, mtsikana wa pa tilu kuwerenga chaka chobadwa nkunena kuti ndine wamkulu kuposa bambo ake, nkundipatsa machesi anga.