Loni, grant ndi bursary: yankho kwa mayi wa ku Makanjira

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa ku Makanjira, m'boma la Mangochi, amene amachita geni ya usipa. Mwana wawo wamkazi wasankhidwa kukaphunzira ku yunivesite ya boma ya sayansi ya MUST, ku Thyolo. Kumudzi ena akuwauza kuti boma lilipira zonse, ena akuti ndi ngongole. Akufunsa ngati mwanayo athandizidwe, komanso ngati ndalamazo adzabweze.

Mayi, mwagwira ntchito. Kulera mtsikana mpaka kukhoza MSCE ndi makilediti 6, Chingerezi chili momwemo, ndalama yake yochokera pathandala la usipa, si chinthu chapafupi.

Choyamba, kusankhidwa ndi kuthandizidwa zimachitikira m'maofesi awiri osiyana. Ntchito yosankha ophunzira opita ku mayunivesite a boma imayendetsedwa ndi NCHE, bungwe loyang'anira maphunziro apamwamba. Ndalama zili ku bungwe lina, Higher Education Students' Loans and Grants Board, limene ambiri amangoti Loans Board. Linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2015. Dzina la mwana likatuluka pamndandanda wa osankhidwa, Loans Board simudziwa ayi. Ayenera kupempha yekha, kudzera pa intaneti, m'nyengo imene bungweli lalengeza. Apa ndi pamene ana ambiri a kwathu kuno amagwa: amakhala phee kudikira kalata, tsiku lotsekera n'kudutsa.

Loni ndi ngongole, ndipo muuzeni mwana zimenezi asanasaine chilichonse. Pafomu akaona mawu akuti tuition, ndiye fizi, imene imapita kusukulu osadzera m'manja mwake. Upkeep ndi ndalama yoti adyere ndi kulipira pogona. Akamaliza maphunziro amapatsidwa kanthawi koti apeze pogwira, kamene amakatchula kuti grace period, kenaka amayamba kubweza. Akalembedwa ntchito, lamulo limalamula abwana ake kumadula kumalipiro. Ine sindiona chochititsa mantha pa ngongole imeneyi, chifukwa zimene adzabweze ndi zimene zidzaphunzitse mwana wina wa ku Namwera kapena ku Malindi.

Grant sabweza, koma imapita kwa ochepa amene akukhoza mopambana, choncho musaiwerengere chaka choyamba. Bursary nayo sabweza. Imachokera ku khonsolo, ku mipingo, ku mizikiti kapena ku mabungwe ngati CAMFED, ndipo yambiri imathera ku sekondale. Scholarship imayang'ana kwambiri nzeru za mwana ndipo imabwera ndi malamulo a mwini ndalama. Magiredi akatsika akhoza kuichotsa.

Tsono pa funso lenileni, loti ndani woyenera. Akhale Mmalawi, akhale ndi malo pasukulu yovomerezeka, ndipo akhale wosowa, amene pafomu amamutcha needy. Mawu omalizawa ndi amene amandiwawa mtima. Mphunzitsi ali ndi pepala losonyeza malipiro ake. Inu mulibe. Mwezi wa mwera asodzi sapita panyanja, usipa ukasowa m'nyumba mulibe kanthu, koma woona fomu ku Lilongwe sangadziwe zimenezo ngati sizinalembedwe. Lembani zoona zokhazokha: ana angati mukuwalera, mumapeza zingati mwezi wabwino ndi mwezi woipa. Ngati bambo ake anamwalira, pezani chiphaso cha imfa. Pamene fomu ikufuna umboni wa a mfumu, a shehe kapena abusa, pitani msanga, musadikire sabata yomaliza.

Kanthu kena kamene anthu amakapeputsa ndi dzina. Maina athu a Chiyao amalembedwa mosiyanasiyana, pasatifiketi ya MANEB mwina, pachiphaso cha unzika mwina. Ikani mapepala onse pamphasa lero, muone ngati zilembo zikufanana. Ngati zikusiyana, kakonzetseni ku ofesi ya NRB, yopereka ziphaso za unzika, paboma la Mangochi.

Kwa ena amene mukuwerenga, amene ana anu akupita ku makoleji omwe si a boma: loni imafikanso kumeneko, bola sukuluyo ndi kosi yakeyo zikhale zovomerezedwa ndi NCHE. Funsani musanalipire ngakhale tambala.

Mayi, ngakhale loni ituluke, yambani kusunga kangachepe. Thiransipoti yochoka ku Makanjira kudzera paboma, Liwonde, Zomba ndi Limbe mpaka ku Thyolo idzachoka m'thumba mwanu, pamodzi ndi bulangete, ndowa ndi chakudya cha masabata oyamba. Ndipo ngati netiweki ikuvuta kumudziko, mwanayo abwere paboma ndi mapepala ake onse, adzadzaze fomuyo yekha, ndipo nambala yachinsinsi asapatse munthu.