Kusandutsa galimoto yachidole yomata kukhala slot car yothamanga

Wowerenga wina wandilembera kalata pa imelo kunena kuti ali ndi galimoto yachidole ya Tamiya ya sikelo ya 1:24 (kutanthauza kuti galimoto yeniyeni yachepetsedwa maulendo 24), ija imabwera mʼzidutswa zoti munthu amate yekha, ndipo akufunsa ngati angaiike mota kuti izithamanga pa msewu wa Scalextric umene ali nawo kunyumba, ngati slot car, galimoto yachidole yoyendera magetsi yotsatira kangalande ka mumsewu.

Kuika mota mʼchidole chomata nʼkotheka ndithu, ndipo anthu akhala akuchita zimenezi kuyambira zaka za mʼma 1960, koma pa msewu umene muli nawowo sindikulangizani kuyamba ndi chidole chimenecho. Scalextric, imene inayamba kugulitsidwa ku Britain mu 1957, imapangira msewu wake magalimoto a 1:32, ndipo timingalande tiwiri timene magalimoto amatsatira tatalikirana mamilimita 78 okha. Galimoto yeniyeni yotambalala mamita 1.8 ikachepetsedwa pa 1:24 imatambalala mamilimita 75, kotero kuti ziwiri zikayendera limodzi zimagundana pakona iliyonse. Msewu wa Carrera ndiwo wotambalala mokwanira magalimoto a 1:24. Ngati simukufuna kugula msewu wina, isungeni Tamiya yanuyo ndipo mufunefune chidole cha Airfix cha 1:32, monga Jaguar E-Type, MGB kapena Aston Martin DB5.

Pa zonse zimene zili mʼbokosi, chimene mudzagwiritse ntchito ndi bodi, magalasi, nyali ndi tokongoletsa takunja. Zapansi zonse zimalowedwa mʼmalo ndi chasisi yonyamula mota, magiya, maekiselo ndi guide, kachitsogozo kaja kamalowa mʼngalande kali ndi timawaya toluka tamkuwa totapa magetsi pa zitsulo za msewu. Nʼchifukwa chake ntchito imayamba ndi kuyeza, musanadule kapena kupenta chilichonse. Yezani mtunda wochokera pakati pa wilo lakutsogolo kufika pakati pa lakumbuyo, kenako muyeze mpata wamʼkati mwa bodi pamene mawilo akumbuyo adzakhale. Pa E-Type yeniyeni ya anthu awiri mtunda wa mawilowo ndi mamilimita 2,438, ndiye pa chidole cha 1:32 ndi pafupifupi 76. Chasisi yotheka kuitalikitsa kapena kuifupikitsa, monga PCS32 kapena HRS ya Slot.it, imakupatsani mwayi wofananiza muyeso umenewu bwinobwino, ndipo kwa woyamba kumene ndi yabwino kuposa kudziwotcherera yanu ndi buraasi.

Magalimoto akalewa ndi opyapyala, choncho mota iyenera kugona motsata utali wa galimoto, osati mopingasa. Giya yaingʼono ya mano 9 yozunguza yaikulu ya mano 27 ndi poyambira pabwino, ndipo ekiselo yodziwika pa 1:32 ndi ya mamilimita 2.38. Motayo imadya malo a mipando. Apa mtima umawawa, chifukwa mʼkati mwa chidole nthawi zambiri ndi mokongola kwambiri, koma muyenera kudulamo nʼkusiya kathireyi kathyathyathya kokhala ndi chiwongolero, mutu ndi mapewa a dalaivala.

Pomangirira bodi ndi pamene ambiri amalephera. Pulasitiki ya zidole zomata ndi polystyrene, imene imasweka msanga poyerekeza ndi ya magalimoto opangidwira kuthamanga, ndipo galimoto yanu idzatuluka mʼngalande nʼkugunda khoma kambirimbiri. Dulani timapaipi tapulasitiki tolowa masikuluu, mutimangirire kaye ku chasisi, muvindikire bodi mpaka mawilo akhale pakati penipeni pa mabowo awo, kenako mumate timapaipito ku bodi ndi guluu wa epoxy wokwanira. Mukamata musanayeze, galimoto imakhala yopendekera ndipo tayala limakhula bodi. Kumbuyo kwa mabampa ndi mʼkati mwa mphuno pakaninso epoxy pangʼono kuti pakhale polimba. Masikuluuwo musawamange zolimba kwambiri, pakuti bodi yogwedera pangʼono imathandiza galimoto kukhota mosagudubuzika.

Matayala amʼbokosi sagwira msewu. Gulani mawilo a aluminiyamu ndi matayala a labala kapena urethane, kenako mupale mawilo a chidolecho mpaka nkhope yake yokha ilowe mʼkati mwa wilo latsopano, kuti maonekedwe enieni a galimotoyo asatayike. Mawilo akutsogolo azingokhudza msewu pangʼono chabe, chifukwa kutsogolo kuyenera kutsamira pa guide kuti timawaya tija tisasiye zitsulo.

Za maginito, ine ndimakonda kuwasiya. Maginito amakokera galimoto pansi nʼkuilola kuthamanga kwambiri, koma ikatuluka mʼngalande imagunda ndi liwiro limene bodi ya polystyrene singapirire. Tizidutswa ta mtovu tomatidwa pansi pa chasisi, kuseri kwa guide ndi mʼmbali mwa mota, timachititsa kuti kulemera kukhale mʼmunsi ndipo timapangitsa kuti kumbuyo kuterereke pangʼonopangʼono pakona. Yesani chasisi payokha poyamba, kenako ndi bodi yosapenta, ndipo penti ndi magalasi zibwere zonse zikayenda bwino.