Musamuletse kilt mwanayo, koma mukaime naye pakhomo

Amayi anzanga, musamuletse mwanayo. Ndawerenga ndemanga zonse zimene zalembedwa pansi pa funso lanu lakuti kodi mulole mwana wanu wamwamuna kuvala kilt, chovala cha amuna a ku Scotland chooneka ngati siketi, popita ku prom, phwando lotsanzikana la ana a sekondale, ndipo zambiri zandiwawa, makamaka za anthu amene akuseka kuti mnyamata wobadwa kwa Amalawi sangapite ku prom atavala siketi. Ngati kalata ya sukulu yangonena kuti ana avale zovala zaulemu za paphwando la usiku, kilt ili m'gulu lomwelo, ndipo munthu wodziwa zinthu sangakuuzeni zosiyana ndi zimenezi. Koma ndikulemba mtima ukuwira, chifukwa zimene mukuopazo zinatichitikira ife pamaso pa anthu.

Mwana wathu woyamba anabadwira ku Glasgow ndipo anakulira komweko mpaka pamene ntchito inatisamutsira ku England iye ali kale ku sekondale. Chichewa amamva, nsima amadya, koma akatsegula pakamwa mumamva mwana wa ku Glasgow weniweni, ndipo magule a ceilidh amene ana a kumeneko amaphunzitsidwa kusukulu Khirisimasi ikamayandikira amawavina osaphonya phazi. Kutchalitchi kumene tinkapemphera kunali mkulu wa mpingo wina wokalamba amene analibe zidzukulu pafupi, ndipo anamutenga mwanayu ngati mdzukulu wawo. Asanamwalire anamuitana n'kumupatsa kilt imene iwo anavala pa ukwati wawo, ndipo anamuuza kuti adzaivale pa tsiku lake loyamba lalikulu. Choncho mayeso a GCSE, amene ana a ku England amalemba ali ndi zaka 16, atayandikira kumapeto, anzake akukangana za mitundu ya masuti, iye anali atasankha kale.

Amene sanaigwirepo kilt m'manja amaganiza kuti ndi kansalu kongokulunga m'chiuno. Kilt yeniyeni imadya nsalu ya ubweya wa nkhosa yokwana mayadi 8, kumbuyo imakhala ndi mapindo ambirimbiri osokedwa mwaluso, kutsogolo imakhala yosalala, ndipo imamangidwa ndi malamba achikopa m'mbali. Ndi yolemera moti ukainyamula mkono umamva. Tinapita nayo kwa telala kuti asunthe malambawo chifukwa mwanayo anali wochepa thupi kusiyana ndi agogo aja, kenaka tinachita hayala jekete lakuda la Prince Charlie la mabatani asiliva, masokosi aatali ofika m'munsi mwa mawondo, nsapato za zingwe zomanga m'miyendo, ndi kachikwama kachikopa kolendewera kutsogolo kotchedwa sporran. Ndinalankhulanso ndi mphunzitsi wa kalasi yake pafoni, ndipo mayiyo anandiyankha mosangalala kuti palibe vuto lililonse, adzaoneka bwino kwambiri.

Madzulo a tsikulo tinafika pa hotelo imene sukulu inakonza, ndipo panja panali podzaza makolo atanyamula mafoni, ana akutsika m'magalimoto okongoletsedwa, wina mpaka anabwera pa thirakitala. Mwana wanga atatsika anthu anaomba m'manja, ndipo gogo wina wachizungu amene sindimudziwa anandigwira pamkono n'kundiuza kuti ndalera mnyamata wooneka bwino. Anatenga mtsikana amene anapangana kuti alowe naye, n'kuyamba kuyenda pa kapeti yofiira kulunjika pakhomo, pamene panaima wachiwiri kwa mphunzitsi wamkulu, pepala la maina lili m'manja. Bamboyo sanamuyang'ane mwanayo kumaso. Anamuyang'ana m'mawondo, kenaka anatambasula mkono n'kutseka njira, ndipo ananena mokweza, aliyense akumva, kuti lino si phwando lovala zoseketsa, apite akavale thalauza ngati anzake. Mwanayo anayankha mwaulemu, monga tinamulerera, kuti ichi ndi chovala chaulemu cha ku Scotland ndipo aphunzitsi ake anavomereza kale. Apa bamboyo anaseka, n'kumuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, ndipo anamufunsa kuti, kodi iweyo ndi Scotland zikugwirizana pati?

Funso limenelo ndi limene linandilasa, chifukwa tonse amene tinaima pamenepo tinamva chimene ankatanthauza, ndipo sichinali chovala. Anyamata amene anali pamzere kumbuyo anayamba kuseka, ena anakweza mafoni, ndipo mmodzi anatambasula dzanja n'kukweza kilt ija kumbuyo, bamboyo akuona, osanena kanthu. Mtsikana uja anangoima atagwira maluwa ake, osadziwa kuti alowe kapena abwerere. Ndinaona mlomo wa mwana wanga ukunjenjemera ngati mmene unkachitira ali kumsana akafuna kulira, koma anauluma n'kuimirira chilili. Ndinadutsa pakati pa anthu n'kufika pakhomopo, ndipo ndinamuuza bamboyo kuti mwanayu anabadwira ku Glasgow, kuti kalata yawo sinatchule thalauza paliponse, komanso kuti atiitanire mphunzitsi amene ndinalankhula naye. Anandiyankha kuti iye sakangana ndi makolo pakhomo, malamulo ndi malamulo. Mphunzitsi ujatu anali pomwepo, kuseri kwa chitseko chagalasi, akutiona bwinobwino. Maso athu atakumana anatembenuka n'kuyamba kukonza mabaluni. Nthawi yonseyi anyamata ena ankalowa momasuka, wina atavala nsapato zamasewera, wina suti yapinki, wina wopanda n'tayi yomwe.

Bambo ake a mwanayo anathamangira kusitolo yaikulu imene inali isanatseke kukagula thalauza lakuda, ife awiri tinakhala m'galimoto. Mwanayo anayesa kumasula malamba aja koma zala zake zinkanjenjemera, mpaka ndinachita kumumasula ine, mnyamata wa zaka 16. Ngakhale zinali choncho anaitenga kilt ija n'kuipinda motsatira mapindo ake, pang'onopang'ono, monga anamuphunzitsira agogo aja, n'kuigoneka pampando. Thalauza limene linapezeka linali lalifupi, linkalekeza pamwamba pa akakolo, ndipo popeza jekete la Prince Charlie limalekeza m'chiuno, malaya ankatulukira pakati. Apa ndiye anaonekadi ngati munthu wovala zoseketsa. Pamene ankalowa n'kuti chithunzi cha kalasi yonse atajambula kale, choncho pa chithunzi chimene anzake onse anasunga iye palibepo. Kuvina kusanayambe n'komwe anatiimbira foni kuti tikamutenge, ndipo njira yonse yobwerera kunyumba sanalankhule mawu ndi amodzi omwe.

Bambo uja ndimamukwiyirabe, chifukwa munthu amene wapatsidwa udindo wosamalira ana a eni sayenera kuchititsa mwana manyazi pagulu, ngakhale mwanayo atalakwadi. Koma amene amandipweteka kwambiri ndi mphunzitsi uja, amene ankadziwa chilungamo, amene mawu ake ochepa okha akanathetsa nkhani yonse, koma anasankha kuteteza ubale wake ndi bwana wake. Nditadandaula, mphunzitsi wamkulu anandilembera kalata yopepesa ngati mwanayo anakhumudwa, ngati kuti kukhumudwako kunangomugwera kuchokera kumwamba, ndipo ananena kuti panangokhala kusamvana. Mphunzitsi uja anati sakukumbukira bwino zimene tinakambirana pafoni. Ndinapititsa nkhaniyo ku bungwe loyang'anira sukulu, ndipo chaka chotsatira kalata ya prom inali ndi mzere watsopano wololeza zovala za chikhalidwe cha mtundu uliwonse. Ana a ena anapindula nazo, ndipo ndikuthokoza, koma prom imachitika kamodzi, ndipo ya mwana wanga inathera pampando wakumbuyo wa galimoto.

M'kalata yanga ndinawakumbutsa mbiri imene iwo ngati aphunzitsi anayenera kuidziwa kuposa ine. Nkhondo ya ku Culloden itatha mu 1746, boma la Britain linakhazikitsa lamulo loletsa amuna a kumapiri a ku Scotland kuvala kilt kupatula asilikali a boma, ndipo wopezeka ataivala ankamangidwa miyezi 6, akabwerezanso ankathamangitsidwira kutsidya la nyanja kwa zaka 7. Lamulolo linathetsedwa mu 1782, ndipo pofika 1822 Mfumu George IV nayo inaivala itapita ku Edinburgh. Lero Mfumu Charles imaivala ikakhala ku Balmoral, nyumba yake ya ku Scotland, asilikali a Royal Regiment of Scotland amaivala pa zionetsero zawo, ndipo ku Scotland anyamata amapita nayo ku prom ndi ku maukwati popanda wofunsa funso. Ngati chovala chili choyenera mfumu ya dziko lino pa mwambo, mphunzitsi amaitenga kuti mphamvu yonena kuti n'chosayenera pa phwando la ana a Year 11, kalasi yolemba GCSE?

Lamulo nalonso lili kumbali yanu. Equality Act ya 2010 imagwira ntchito m'masukulu, ndipo imaletsa kusala munthu chifukwa cha khungu, dziko kapena mtundu umene anachokera. Nkhani za zovala zinafikapo kale kukhoti: mu 1983 House of Lords, imene panthawiyo inali khoti lalikulu kwambiri la dzikoli, inagamula kuti sukulu ina ya ku Birmingham inalakwa pokana mnyamata wachi Sikh chifukwa cha nduwira yake. Sukulu zimadziwa zimenezi, ndipo zikaona kholo likutchula lamulo m'kalata zimasintha kalankhulidwe msanga.

Kwa inu abale amene mukuseka mundemangamu, ndikukupemphani kuti muganize kawiri. Ife Amalawi tikudziwa bwino kupweteka kwa kuyezedwa zovala ndi munthu wamphamvu, chifukwa lamulo la 1973 linkaletsa amayi athu kuvala thalauza ndi masiketi aafupi mpaka nthawi imene dziko linkalowa m'ndale za zipani zambiri, ndipo ndi mu 2023 pamene khoti lalikulu ku Zomba linagamula kuti ana achirasta asamakanizidwe sukulu za boma chifukwa cha madiredi awo. Angoni akamavina ingoma atavala zikopa m'chiuno palibe amene amati avala za akazi. Ana athu obadwira kunowa ali ndi kwawo kuwiri, ndipo n'zomvetsa chisoni kuti mwana akanidwe pakhomo ndi mzungu chifukwa choti si wa ku Scotland mokwanira, kenaka afike kunyumba n'kusekedwa ndi amalume ake chifukwa choti si Mmalawi mokwanira.

Tsono amayi anzanga, musapite kusukuluko kukapempha chilolezo, chifukwa mukapempha ndiye kuti mwavomereza kuti ali ndi mphamvu yokana, pamene mwana wanu sakuphwanya lamulo lililonse. Komabe lembani imelo mawa lomwe kwa mphunzitsi wamkulu weniweniyo, osati wa kalasi, muwadziwitse kuti mwanayo adzavala kilt ndi zonse zoyendera limodzi nayo, ndipo musapume mpaka atakuyankhani molemba kuti avomereza. Muwafunsenso kuti adzaime pakhomo ndani ndiponso ngati munthuyo wauzidwa. Yankholo mulisindikize papepala, lina likhale m'chikwama chanu, lina mu sporran ya mwanayo. Za pafoni musazikhulupirire, ngakhale wolankhulayo atakhala wokoma mtima chotani.

Avale zonse mokwanira, chifukwa kilt yovala ndi nsapato zamasewera kapena malaya wamba imawapatsa poyambira. Ilekeze pakati pa bondo, mapindo akhale kumbuyo, ndipo ngati mukuchita hayala fulumirani, chifukwa miyezi ya June ndi July ndi nyengo ya maukwati ndipo masaizi a anyamata amatha msanga. Ngati banja lanu lilibe mtundu wa nsalu umene likugwirizana nawo, monga mabanja a ku Scotland amakhalira ndi wawowawo, nsalu yotchedwa Black Watch amavala aliyense. Kampeni kakang'ono kamene amakalowetsa m'sokosi, kotchedwa sgian-dubh, akasiye kunyumba. Lamulo limalola kukanyamula ngati mbali ya chovala cha mtundu, koma ine sindingatumize mnyamata wakuda kuphwando la sukulu ku England ali ndi mpeni m'mwendo, ngakhale wapulasitiki. Mkati avale kabudula wakuda, chifukwa anyamata a msinkhu umenewu alibe khalidwe, ndipo adziwe kuti kujambula munthu kunsi kwa chovala chake ndi mlandu kuno ku England kuyambira 2019, kaya wojambulidwayo ndi mtsikana kaya mnyamata.

Mumuuze kuti wina akamuimitsa asavule, asakangane, angotulutsa pepala lija n'kukuitanani. Koma m'buti ya galimoto ikanimo thalauza lakuda la saizi yake yeniyeni pamodzi ndi jekete wamba, osamuuza, chifukwa sindikufuna kuti mwana wina adzaphonye chithunzi cha kalasi yake bambo ake akuthamanga m'masitolo usiku. Ndipo mukamutsitsa musachoke msanga ngati mmene makolo ambiri amachitira. Muime pafupi ndi khomo, foni ili m'manja, pamalo pamene woima pakhomoyo akukuonani, mpaka mwanayo atadutsa chitseko n'kukhala pansi ndi anzake.