Mazira a nalimata wa m'chipululu pa chisanu cha Mzuzu

Mayi wina wa ku Chibavi wandilembera pa imelo. Akuti achimwene awo anawabweretsera analimata awiri kuchokera ku Johannesburg, aja amawangamawanga ngati kambuku omwe ogulitsa amati leopard gecko, ndipo wamkazi waikira mazira awiri pakona pa bokosi. Akufunsa ngati awasiye pomwepo, nanga ana akaswa adzadya chiyani.

Mayi, achotseni lero lomwe. Nalimata safungatira ngati nkhuku, akaikira wathana nazo. Tengani pensulo, ikani kachizindikiro pamwamba pa dzira lililonse musanalinyamule, ndipo mbali imeneyo ikhale kumwamba mpaka tsiku loswa. Mukalitembenuza mwana atayamba kale kupangika, akhoza kufera momwemo.

Mawu akuti chipululu ndi amene amasokoneza anthu. Analimata amenewa kwawo ndi ku Afghanistan, Pakistan ndi kumpoto chakumadzulo kwa India, malo amiyala ndi udzu wouma, koma masana amabisala kunsi kwa miyala komwe kuli chinyezi. Mazira awo ndi ofewa ngati chikopa, akauma amafwapa. Choncho aikeni m'kachidebe kapulasitiki kachivindikiro, pa vermiculite (timiyala topepuka tosunga chinyezi) wonyowa pang'ono, woti mukamufinya asadonthe madzi. Muzitsegula kawiri pa sabata kuti mpweya ulowe.

Ntchito yaikulu kuno ndi kutentha. Mazira amafuna madigiri 26 mpaka 32, usana ndi usiku. Inu mukudziwa mmene Mzuzu amakhalira mu Juni ndi Julayi, nkhungu ikatsika kuchokera ku Viphya munthu n'kumagona ndi juzi. Dzira silingapirire zimenezo. Ine ndimaika kachidebeko mu cooler box, pamodzi ndi mabotolo awiri odzaza madzi ndi kachipangizo kotenthetsera kokhala ndi thermostat, yomwe imasunga kutentha pa mlingo umodzi. Madziwo amasunga kutentha magetsi akathima. Ndinaphunzira movutikira: chaka china anathima usiku wonse ndilibe mabotolo, mazira anayi anachita nkhungu onse. Thermometer gulani, kuyeza ndi dzanja n'kudzinamiza.

Kutentha komweko ndi kumene kumasankha kuti mwana akhale wamkazi kapena wamwamuna. Pa madigiri 26 kapena 27 ambiri amaswa aakazi, ndipo amachedwa, mwina miyezi iwiri kapena kupitirira. Pa 31 kapena 32 ambiri amakhala aamuna, amatuluka m'masabata asanu kapena asanu ndi limodzi. Ine ndikanakhala inu ndikanasankha aakazi, chifukwa aamuna awiri m'bokosi limodzi amalumana mpaka kudulana michira.

Mwana akaswa amakhala wautali ngati chala, ali ndi mizere m'malo mwa mawanga. Musamuike kwa makolo ake, akhoza kumudya. Mupatseni kabokosi kakekake, pansi muyale pepala lofewa. Mchenga ayi, ngakhale mutakhala pafupi ndi Mchengautuwa, chifukwa ana amaumeza pamodzi ndi chakudya n'kutseka m'mimba. Masiku atatu kapena asanu oyamba sadya, musade nkhawa. Amayamba wafundula, n'kudya chikopa chakecho, kenako njala imabwera. Muikireni kobisalamo kokhala ndi pepala lonyowa kuti chikopa chisakakamire ku zala, apo ayi zala zimaduka.

Chakudya ndi tizilombo tamoyo tosaposa mpata wa pakati pa maso ake: tiana ta nkhululu, tiziwala tating'ono, chiswe. Muzitiwaza ufa wa calcium wokhala ndi vitamini D3, chifukwa popanda umenewo mafupa amafewa, miyendo n'kupindika. Za m'munda wopopera mankhwala a mbozi musatole, ngakhalenso mphemvu za kukhitchini.

Wamkaziyo musamuiwale. Amasunga mbewu ya mwamuna m'thupi, ndiye pakapita masabata awiri kapena anayi aikiranso ena awiri, kangapo pa nyengo imodzi. Musiyanitseni ndi wamwamuna, mudyetseni bwino, ndipo muziyang'ana mchira wake. Ukayamba kuonda, muonjezereni chakudya ndi calcium. Muikirenso kachidebe ka dothi lonyowa koti akumbemo, mazira otsatirawo asadzaumire pakona.