Galimoto ikungoti "kha" osalira: ndi sitata kodi?

Bambo wina wa ku Ngabu wandilembera pa imelo. Akuti galimoto yake ya otomatiki imalira bwinobwino m'mawa, koma akaiimika masana pa Nchalo, pobwera akapotokola kiyi imangoti "kha" kamodzi, kenako zii. Makaniko wina wamuuza kuti agule sitata yatsopano. Agule?

Musathamangire kugula, bambo. Sitata zambiri zimanamiziridwa mlandu wa batire ndi mawaya.

Yambani n'kumvetsera. Ikamati "khekhekhe" mofulumira, magetsi apadeshibodi n'kumaphethira, ndiye kuti moto ukuchepa: batire lafooka kapena matemino, pomangira mawaya pabatire, alimba ndi zoyerayera zija. Kuno kuchigwa mabatire sakhalitsa, chifukwa kutentha kwa Okutobala ndi Novembala, kumene kumapitirira madigiri 40, kumaumitsa madzi a m'batire. Wina akupimireni ndi mita: batire lodzaza limaonetsa mavoti 12.6 injini itazima, ndipo poliza lisatsike kwambiri pansi pa 10. Tsukani matemino ndi madzi otentha osakaniza ndi soda, mumange zolimba, muonenso waya wa efi wochoka pabatire kupita kubodi ndi kuinjini. Waya ameneyu anthu amamuiwala, chonsecho akamasuka galimoto imachita ndendende ngati sitata yafa.

Poti yanu ndi otomatiki, yesaninso kuliza giya ili pa N m'malo mwa P. Ikalira, vuto ndi kaswitchi ka pagiyabokosi.

Koma mmene mwafotokozeramu, ine ndikukayikira sitata yomweyo. "Kha" mmodzi wamphamvu, malaiti akuwala ndithu, hutala ikulira bwino, ndiye kuti solenoidi, kaswitchi kamagetsi ka pasitata, yakankha koma mota ya sitatayo siyinazungulire. Kawirikawiri amakhala mabulashi, timakala topereka moto m'kati mwa mota, atha, kapena timikuwa ta m'kati mwa solenoidi tapsa. Zotere zimayamba kuonekera injini ikatentha, n'chifukwa chake m'mawa sikuvutitsani. Ndiye kumbukirani ngati munadutsapo m'madzi nthawi ya dzinja. Pagalimoto zambiri sitata imakhala m'munsi, pomwe injini yakumana ndi giyabokosi, ndipo matope akalowa amauma m'kati n'kumagwira mabulashi pang'onopang'ono, miyezi itapita kale.

Ikakukanirani panjira, wina agwire kiyi poliza, inu mugogode sitata pang'ono ndi sipanala. Ndati pang'ono, chifukwa zina zili ndi maginito m'kati, ndipo amasweka. Ikalira pamenepo, wolakwa wapezeka. Musapotokole kiyi kupitirira masekondi 10 nthawi imodzi, ndipo za anyamata okankha iwalani, otomatiki siilira n'kukankha.

Kugogodaku si kukonza, tsiku lina idzakana ngakhale mugogode chotani. Pitani kwa wodziwa za magetsi a galimoto aimasule, muione ndi maso anu. Ngati mawaya a m'kati sanapse, kutsuka ndi kusintha mabulashi kumakwana, pamtengo wochepa kuyerekeza ndi sitata yathunthu. Mukonzetseretu musanakwere mtunda wa Thabwa kupita ku Blantyre.