Kwa achemwali a ku Matawale amene akulandira alendo 25 pa Khirisimasi

Achemwali, funso lanu ndaliwerenga bwinobwino. Mwati muli pa lendi ku Matawale, khitchini ndi yaing'ono moti mukalowamo awiri wachitatu amaima pakhomo, muli ndi hotplate yotereka mapoto awiri komanso mbaula imodzi, ndipo pa Khirisimasi kukubwera anthu 25 kuphatikizapo apongozi ochokera ku Jali. Mukufuna kudziwa ngati zingatheke kuti zonse zipse pa nthawi yake. Zitheka ndithu. Kungoti ambiri amene ayankha kale akukupatsani mayina a ndiwo, pomwe chimene chingakuzunguzeni mutu tsikulo ndi moto ndi nthawi. Musanaganize zoti muphika chiyani, werengani kaye malo amene mungaterekepo poto nthawi imodzi, kenako muone kuti chakudya chilichonse chikhalitsa bwanji pamoto. Ndiwo zisankhidwe potengera zimenezo.

Hotplate ija musaidalire kwenikweni. Uno ndi Disembala, mvula ya mabingu ikangoyamba kutsika m'phiri la Zomba magetsi amatha kuthima nthawi iliyonse. Ngakhale atayaka tsiku lonse, sefuliya yaikulu siikhala bwino pa hotplate: pakati pamapserera, m'mbali muli mosapsa. Muigwiritse ntchito pa tiyi, msuzi ndi masamba basi. Pitani kwa aneba lero lomwe mukabwereke mbaula zina ziwiri, chifukwa pofika pa 24 aliyense amakhala akuifuna yake. Ngati pali wachibale amene ali ndi silinda ya gasi, mupempheni abwere nayo, makala achepeko, pakuti nawonso akutimalizira mitengo m'phirimu. Mbaula zonse zikhale pakhonde kapena kuseri kwa nyumba, mutamangapo tenti kapena pepala lapulasitiki lolimba, m'mwamba ndithu kutali ndi moto. Chonde, mvula ikagwa musalowetse mbaula m'khitchini n'kutseka chitseko. Makala amatulutsa mpweya woipa wosanunkha komanso wosaoneka, munthu amangomva mutu ndi chizungulire kenako n'kukomoka. Anthu amafa nazo zimenezi. Makalawo gulani msanga ndipo thumba likhale pouma, losagunda pansi, chifukwa makala onyowa akhoza kukudyerani ola lathunthu mukungokupiza.

Tsopano ndiwo. Apa ndilankhula mosabisa: chepetsani. Mpunga, nsima, nkhuku, nyama ya mtundu umodzi (mbuzi kapena ng'ombe, osati zonse ziwiri), kabichi, ndi masamba amodzi achikuda monga nkhwani kapena bonongwe, zomwe nyengo ino sizisowa. Zakwana. Chipisi chisiyeni. Ndikudziwa kuti ana amachikonda, koma chipisi cha anthu 25 pa chiwaya chapakhomo chimatsekereza mbaula imodzi kwa maola awiri, chimamwa mafuta, ndipo pofika nthawi yodya choyamba chija chimakhala chazizira n'kulemba. Mbatatesiyo muisende, muidule zikuluzikulu, muiponye mu nyama itatsala pang'ono kupsa. Ikoma, ndipo ichulukitsa ndiwo. Makaroni ndi supageti nazonso zidikire Chaka Chatsopano. Apongozi anu akakafika ku Jali sakawerenga kuti patebulo panali mitundu ingati. Akanena ngati nkhuku inafewa ndiponso ngati nsima inali yotentha.

Pa kachulukidwe, werengerani anthu 30, osati 25, chifukwa ana a aneba ndi odutsa sangabwezedwe pa Khirisimasi. Kilogalamu imodzi ya mpunga imakwanira akuluakulu 8 kapena 10 ngati palinso nsima, ndiye makilogalamu 4 akukwanirani. Nkhuku yachikuda yokula bwino imatuluka nthuli 10 kapena 12 ikadulidwa ndi munthu wodziwa, choncho zitatu zipatsa aliyense nthuli yake. Nyama makilogalamu 3 kapena 4.

Zogula zouma monga mpunga, ufa, mafuta, mchere, shuga, anyezi, adyo ndi mbatatesi zikhale zili m'nyumba pofika pa 22. Amene analowapo mu msika waukulu wa Zomba pa 24 Disembala akudziwa mmene mumakhalira, poponda palibe ndipo mitengo imakhala yakwera. Tomato, kabichi ndi masamba mugule pa 23 kapena m'mawa wa pa 24, ndipo zimenezi mungazipeze ngakhale pa Chinamwali pomwepa osavutika kulowa m'tauni. Mpunga wa kuno kwathu, wochokera ku madambo a Chilwa monga ku Likangala ndi ku Domasi, ndi wabwino, koma ufunika kupeta ndi kusankha timiyala. Imeneyo ndi ntchito ya ana pa 23, atakhala pamkeka ndi malichero. Komanso kumbukirani kuti mpunga wa mu Disembala ndi wokolola kalekale, wauma, ndiye umamwa madzi ambiri kuposa watsopano. Phikani kapu imodzi pa 23 madzulo kuti muone mmene ukumwera. Ndi bwino kuudziwa pa kapu imodzi kusiyana ndi kuudziwira pa makilogalamu 4 alendo ali pabalaza.

Thobwa ayambike pa 23. Phala lake liphikidwe masana, likazizirako n'kukhala lofunda muthire chimera, ligone, m'mawa wa pa 24 muliwiritsenso, lizizire, mulithire m'zidebe zotsuka bwino. Chifukwa chake si kukoma kokha. Thobwa amafuna sefuliya yaikulu ija, yomweyonso imene mudzaphikire mpunga, ndiye iyenera kukhala yatsukidwa n'kuuma pofika pa 24 madzulo. Musafulumirenso kumuphika pa 21 kapena pa 22, kutentha kwa masiku ano amasasa msanga.

Pa 24 ndiye tsiku limene Khirisimasi yanu ikonzeke. Tungani madzi odzaza migolo ndi ndowa zonse, musadikire kuti mpopi udzakuchitireni chifundo m'mawa. M'khitchini chotsani chilichonse chosagwira ntchito mawa lake, chipite kuchipinda. Mbale zodyera, makapu ndi masupuni zitsukidwe, ziikidwe m'beseni, zivundikiridwe ndi nsalu yoyera, zikhale pabalaza. Khitchini isanduke malo osungiramo zakupsa basi. Tebulo lodulira likhale panja pafupi ndi mbaula.

Za nyama zitengera ngati muli ndi filiji, zomwe simunanene. Ngati ilipo, nkhuku ziphedwe pa 24 masana, zisosoledwe, zitumbulidwe, zidulidwe, ndipo nyama yonse muiwiritsiretu ndi mchere ndi adyo mpaka itafewa. Muiyale m'mbale zazikulu kuti izizire msanga, kenako m'filiji, madzi ake musunge padera chifukwa ndiwo msuzi wanu. Ngati filiji palibe, nkhuku zigone zamoyo, zidzaphedwe m'bandakucha wa pa 25. Nyama ya mbuzi kapena ng'ombe mukaisungitse kwa aneba amene ali ndi filiji, apo ayi muithire mchere n'kuiwamba bwinobwino pa makala madzulo omwewo. Nyama yophika yogona m'poto usiku wonse kutentha kuno ndi imene imadwalitsa anthu m'mimba pa 26.

Pali chinthu chimodzi chimene chimapulumutsa nthawi kuposa zonse. M'malo mokazinga anyezi ndi tomato kanayi, wa nkhuku, wa nyama, wa kabichi, wa masamba, kazingani kamodzi poto mmodzi wodzaza. Anyezi afiire kaye, kenako adyo, kenako tomato yense mpaka mafuta atayandama pamwamba. Mukatero mumangotapa ndi chipande kugawira ndiwo iliyonse, n'kuwonjezera zokometsera zake payokha, kale (curry) ku nkhuku, jinja ku mbuzi. Tsabola wa kambuzi akhale m'kambale kake, aliyense adziikire.

Pa tsikulo yambani ndi nthawi yodyera, muziwerenga chobwerera m'mbuyo. Tinene kuti mukufuna anthu adye 1 koloko masana. Nkhuku yachikuda ndi nyama ya mbuzi zimafuna ola limodzi ndi theka kapena maola awiri kuti zifewe, tambala wokalamba amaposa pamenepo. Ndiye ngati simunawiritsiretu, mbaula zonse zitatu ziyake 5 koloko m'mawa, imodzi nkhuku, ina nyama, yachitatu madzi osamba ndi tiyi. Ikamakwana 8 koloko zikhale zafewa. Nkhuku muikazinge pang'onopang'ono, nthuli zochepa nthawi imodzi kuti zifiire, kenako zibwerere m'poto ndi msuzi uja. Nyama nayo ilandire msuzi wake ndi mbatatesi. Zikapsa, kankhirani phulusa pa makala kuti moto ufooke, mapoto akhale pomwepo ovundikira, azingotumphuka pang'ono.

Za kutchalitchi mugwirizane msanga. Ngati mpingo wanu uli ndi mapemphero a usiku wa pa 24, ophika apite amenewo. Ngati ayi, patsale wamkulu mmodzi pakhomo, osati mwana, pakuti moto utatu si wosiyira mtsikana wa sitandade 6.

Mpunga utereke cha m'ma 10:30. Apa ndikhalitsepo pang'ono chifukwa ndi pamene ambiri amagwa. Madzi awire kaye ndi mchere ndi mafuta pang'ono, muthire mpunga wotsuka, mutakase kamodzi kokha. Uwire mpaka madzi atatsika kufika pamwamba pa mpungawo, muyambe kuona timaenje tikutuluka nthunzi. Pamenepo vundikirani ndi chivundikiro chokwana bwino, muuphule. Konzeranitu dengu lalikulu kapena katoni, pansi mutayala bulangete lakale lopinda kawiri. Khazikani sefuliya mmenemo, m'mbali mutsendere zitenje ndi nsalu zakale osasiya mpata, pamwamba bulangete lina, muufunditse ngati khanda. Osatsegula kwa mphindi 40, ngakhale azakhali atafuna kusuzumira. Umapsa wokha ndi kutentha kwake, supserera, ndipo umakhala wotentha mpaka nthawi yodya. Chachikulu n'chakuti mbaula ija yamasuka. Ngati mulibe sefuliya yokwana makilogalamu 4 n'kutsalako malo, gawani mapoto awiri, chifukwa mpunga wothinana umaphika phala pansi, pamwamba uli wauwisi.

Kabichi ndi nkhwani ndi za mphindi zochepa, ziphikidwe cha m'ma 11:30, pano hotplate ithandize ngati magetsi alipo. Nsima ndiyo yomaliza. Madzi afunde 12 koloko, phala lithyakuke, koma musavundule apongozi asanalowe pakhomo. Pa tsiku la tchuthi maminibasi amachepa ndipo amadikira kudzaza, ndiye muziwaimbira foni kuti mudziwe pamene afika. Phala likhoza kudikira pamoto wofooka, koma nsima yoomola kale ikadikira imauma khungu. Popeza mpunga ulipo, nsima ya anthu 12 kapena 15 ikwana, makamaka akuluakulu.

Ntchito mugawe ndi mayina pa 24 madzulo, aliyense adziwe yake. Wa mpunga mmodzi, wa nsima mmodzi, ndipo mchere azithira munthu mmodzi yekha, chifukwa aliyense wodutsa akamalawa n'kuwonjezera, ndiwo zimawawa. Abambo a kunyumba ndi alamu anu asangokhala pansi pa mango ndi wailesi. Kupha nkhuku, kukoleza mbaula, kutunga madzi, kubwereka mipando ndi kuziziritsa zakumwa ndi ntchito zawo. Mwana wamkulupo mmodzi ayang'anire tiana kuti tisayandikire moto, ndipo zigwiriro za mapoto ziloze kukhoma. Wotsuka ziwiya akhale ndi mabeseni awiri panja kuyambira m'mawa, poto akangotha ntchito atsukidwe pompo, chifukwa m'khitchini yaing'ono chimene chimadzaza malo ndi ziwiya zakuda.

Musaiwale za ukhondo. Kolera ya mu 2022 ndi 2023 tonse tikuikumbukira, ndipo nyengo ya mvula ndi imene matendawa amakonda. Madzi akumwa ndi otsukira saladi akhale owiritsa kapena othira klorini. Posamba m'manja wina azithirira ndi jagi, sopo ali pomwepo, osati anthu 30 kuviika manja m'beseni limodzi. Mpeni ndi thabwa zodulira nyama yaiwisi zisakhudze kabichi wa saladi zisanatsukidwe ndi sopo, ndipo saladiyo adulidwe chakumapeto. Mango ali mbwee pano, atsukeni mudzaze beseni, ndiwo a pamwamba pa chakudya, keke musavutike nayo.

Pogawa, yambani mwapatula za apongozi ndi akuluakulu m'mbale zovundikira, nthutumba ndi chiwindi zipite kumeneko monga mwa mwambo wathu. Ana akhale pamkeka ndi mbale zoikiratu. Ena onse adzitengere mpunga ndi masamba, koma pa nyama paime munthu mmodzi wogawa, apo ayi omalizira, amene nthawi zambiri amakhala ophika omwe, adzapeza msuzi wokhawokha. Mbale za ophikawo muziike padera poyambirira pomwe.

Zotsala zisakhale patebulo kupitirira maola awiri, makamaka mpunga, umene umaonongeka msanga ngakhale ukuoneka bwino. Zolowa m'filiji zilowe, ndipo podzadya mawa lake zitenthetsedwe mpaka zitatuluka nthunzi. Ngati filiji palibe, gawirani alendo akamanyamuka kuti akadye madzulo omwewo, ndipo aneba amene anakubwerekani mbaula muwatumizire mbale yawo chakudya chikadali chotentha. Mundiuze ngati filiji muli nayo komanso kukula kwa sefuliya yanu, ndikuthandizeni kuwerengera madzi a mpungawo.